Makina a Millicent Agona Panja

Mkanda, Mchinji
10 Febuluwale 2024

Wokondedwa mwana wanga Millicent,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Namibiako, pamwamba pa phiri lako lopanda mitengo lija. Ife kuno tadzuka, kupatula bondo langa lomwe limadziwa za mvula kuposa a zanyengo a pa wailesi. Chimanga chatulutsa ngayaye, mtedza wayanga. Atsibweni ako a Zakeyu akupereka moni. Akadali pansi pa mango wa pamsika kukonza njinga za anthu, ndipo zina mwa njingazo zimachokapo zikuyenda.

Ndikulemba kalata chifukwa foni unandigulira ija inagwera m'chitsime. Atsibweni ako anaivuula n'kuikonza, moti pano ikuwala bwino kwambiri ngati tochi, koma kulankhula ayi. Foni za eni sindifuna, nkhani za m'nyumba zingamveke mpaka ku Boma. Tizidalira Rodrick ndi thiraki yake, poti amabwera kwanuko kudzera pachipata cha m'malire cha Mwami.

Tsono za makina ako oonera nyenyezi amene unaimika kuseri kwa nkhokwe pa Khirisimasi. Usadandaule n'komwe. Ndikuwasamala kuposa mmene ndinkasamalira malemu bambo ako, omwe anali ndi manja awoawo. Kakhadi kosunga zithunzi kaja ndakachotsa monga unandiphunzitsira, ndaikamo kena, ndipo kakaleko kali mu envulopu momwe muno.

Amayi a kumphakati anabwera kudzawaona. Ndinawauza kuti mwana wanga anaphunzira za nyenyezi mpaka sukulu inatha, ndipo kuntchito kwake ndi mkazi yekhayo pakati pa amuna khumi ndi mmodzi. A Rozi oyandikana nafewa anafunsa ngati amunawo onse ali pabanja. Ndinati ndifunsa. Ndafunsa.

Zaka zisanu ndi zinayi zakwana ukubwera kuno ngati mlendo, masiku khumi n'kunyamuka. Undiuze zoona, zobwerera kumudzi zija zili pati?

Ndine mayi ako,
Imelda

Namibia
2 Malichi 2024

Amayi okondedwa,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Bondolo muzilithowa ndi madzi ofunda. Ine ndili bwino, kungoti ndachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Kakhadi kafika, kali ndi zithunzi 4,200. Tinasonkhana tonse pa kompyuta, ngakhale a Pulofesa amene amatiyang'anira anabwera ndi kapu yawo ya tiyi. Chithunzi choyamba chinali mdima, ndipo mumdimamo munali timaluwa toyera, tandandalika m'mizere. Chachiwiri chimodzimodzi. Cha 900 chimodzimodzi. A Pulofesa anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. Mnzanga wina anatha masiku awiri akuyeza timaluwato, akuti mwina galasi lasweka mwa mtundu umene sunalembedwepo m'mabuku.

Koma ine timaluwato ndimatidziwa. Ndi kansalu koluka kamene kamakhala pa wailesi kaja. Ngakhale pakona pamene munaphonya ulusi paja paoneka.

Amayi, chonde musawafunditse makinawo. Amadzuka okha dzuwa likalowa, ndipo ntchito yawo yonse ndi kuyang'ana kumwamba.

Ndifotokoze bwino kuti mumvetse. Kuthambo kuli mwala waukulu, mwina kutalika kwake ngati kuchoka ku Mkanda kukafika ku Boma. Ndi wakuda ndipo uli kutali, palibe angauone. Koma pa 18 Julayi, nthawi ya 7:41 madzulo, udzadutsa kutsogolo kwa kanyenyezi kena, ndipo kanyenyeziko kadzazima kwa masekondi ochepa, ngati munthu wadutsa kutsogolo kwa nyali. Tikadziwa kuti kazima masekondi angati, tidziwa kukula kwa mwalawo. Vuto n'lakuti zimenezi zimaoneka pokhapo pamene mthunzi wa mwalawo wagwera. Anzanga onse khumi ndi mmodzi akuti udzagwera ku Mozambiki, ndipo makina ena onse apita kumeneko. Ine ndawerengetsera zaka zitatu, ndipo ndikuti udzagwera pa Mkanda, pamwamba pa nkhokwe yanu. Anandiseka, koma anandibwereka makina amodzi.

Mwafunsa zobwerera. Yankho lili pa masekondi amenewo. Makinawo akajambula kanyenyezi kakuzima, a Pulofesa alonjeza kuti tidzatsegula malo oonera nyenyezi ku Mchinji, woyang'anira n'kukhala ine. Akapanda kujambula, makina abwerera kuno, ndipo ine ndisainira zaka zina zisanu paphiri pano.

A Rozi muwauze kuti asanu ndi awiri ali pabanja. Anayi otsalawo ndawaona mmene amadyera.

Mwana wanu,
Millicent

Mkanda
30 Malichi 2024

Mili mwana wanga,

Kuno kuli bwino, mvula yayamba kutsanzika. Mbuzi ya a Lameki a kuseri kwathu aja inalowa m'mtedza, koma nkhaniyo tinaithetsa mwachikhristu, ine nditayamba ndalankhula.

Kansalu kaja kanali kochapa, ndinachita kusita. Ngati a Pulofesa ako sanakakonde, ndi maso awo. Komabe wanena kuti ndisafunditse, ndipo ndamva. Kabwerera pa wailesi.

Koma Mili, ndinayesa tsiku limodzi kuwasiya makina panja osafunda, mtima wanga unakana. Chinthu chodula chotere, cha eni ake, kugona panja ngati khasu lothyoka? Nkhuku zimalowa. Njinga ya atsibweni ako, yopanda mabuleki ija, imagona m'nyumba pambali pa bedi. Anthu odutsa aziti chiyani? Kuti kwa Imelda katundu wa alendo amamutaya kuseri kwa nkhokwe?

Ndiye ndapeza nzeru yokomera tonse. Dzuwa likamalowa, ine ndi a Rozi timawanyamula n'kuwaika pabalaza, osafunditsa, ndendende monga unanenera. M'mawa timawatulutsa kuti aone kumwamba tsiku lonse mpaka akhute. Akuoneka kuti azolowera. Madzulo ndikamapemphera ndimawamva akutembenuza khosi, ng'ii, ng'ii, ngati mlendo woyamikira nyumba.

Khalidwe limeneli ndi lako lomwe. Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri unkazemba tikangodya, kukagona chagada m'ngolo ya bambo ako, maso kumwamba, pakamwa yasa. Ndinkakupeza utazizira ngati chule, n'kukufunditsa chitenje mpaka kumutu, iwe n'kumalimbana nacho kuti usuzumire. Zitenje zanga ziwiri unaziboola ndi msomali. Chifuwa chimene unadwala chaka chimenecho iwe unaiwala, ine sindinaiwale.

Za mwala wakowo ndauza a kumphakati. Tikuupempherera kuti udutse bwino, usagwere chimanga.

Kakhadi kachiwiri ndi ako. Uona kusintha.

Mayi ako,
Imelda

Namibia
20 Epulo 2024

Atsibweni a Zakeyu,

Moni. Ndikhulupirira inu ndi njinga zonse muli bwino. Ndalembera inu chifukwa ndikalembera amayi pano, cholembera chingalankhule zimene sindinachitume.

Kusintha ndakuonadi. Ulendo uno talandira zithunzi 3,000 za kudenga kwa nyumba yathu. Muli malata, muli buluzi mmodzi wakhama kwambiri, muli kalendala ya 2019 imene amayi amaisunga chifukwa cha chithunzi cha ng'ombe. Mulinso zithunzi 40 za m'kati mwa mphuno ya munthu. A Pulofesa anafunsa ngati ndi phanga. Ine ndinazindikira ndevu.

Atsibweni, inu ndinu mmisiri. Ndikupempha kuti mubwezere makinawo kuseri kwa nkhokwe, muthire simenti pansi, mumange miyendo yake ndi mabawuti kuti amayi ndi a Rozi asathe kuwanyamula. Basi, zokhazo. Musawonjezere kanthu pa makinawo. Ndikubwereza chifukwa ndimakudziwani: musawonjezere kanthu.

Kwatsala miyezi itatu, ndipo sindinaonebe nyenyezi ngakhale imodzi ya kwathu.

Mwana wa mlongo wanu,
Millicent

Zakeyu Njinga Sevisi
Pansi pa Mango, Mkanda
12 Meyi 2024

Kwa Adokotala Millicent,

Ndalandira kalata yako ya pa 20 Epulo ndipo zam'katimo ndazimvetsa zonse, poti tonse ndife anthu a zamakina. Za mphuno zija ndinali pa ntchito yoyendera. Mmisiri sangaweruze chinthu asanasuzumiremo.

Ndikudziwitsa kuti ntchito yatheka. Simenti ndathira. Mabawuti ndamasula ku ngolo ya malemu bambo ako, poti ng'ombe zinapita kale ndipo ngoloyo sikupita kulikonse. Pano makinawo ngakhale atabwera amayi onse a kumphakati ndi nyimbo, sangasunthe.

Koma panabuka vuto. Mayi ako ataona kuti makina agona panja mpaka kalekale, anandimana chakudya masiku awiri. Tsiku loyamba ndinapirira ngati mwamuna. Tsiku lachiwiri anaphika nkhwani wotendera, fungo n'kumandipeza kumsika. Ndinakhala pansi n'kuganiza mwaukatswiri, ndipo ndinaona kuti nonse awiri muli ndi mfundo. Iwe ukufuna makina akhale panja. Mayi ako akufuna asanyowe. Kodi fodya timatani? Amakhala panja, koma sanyowa.

Choncho ndawamangira kachigafa, ngati koyanikamo fodya koma kakang'ono: nsanamira zinayi, denga la udzu, zipupa palibe. Usanakwiye, werenga bwino. Unati ndisawonjezere kanthu pa makinawo, ndipo sindinawonjezere. Denga silikuwakhudza. Ndayeza, pali mpata wokwana chikhatho changa.

Pano makinawo akuona kum'mawa, kumadzulo, kumsewu ndi kwa a Rozi, popanda chotchinga. Kumwamba kokha ndi kumene sakuona. Koma mbali zinayi mwa zisanu, kusukulu kulikonse kumeneko ndi kukhoza.

Anthu akubwera kudzaona kamangidwe. Mlimi wina wa ku Dambe wapempha kuti ndikamumangire kotere ka pampu yake. Mayi ako ayambiranso kundipatsa chakudya, ndipo akupereka moni.

Kakhadi kachitatu kali momwemu. Kuthokoza usachite kuvutika nako, ndife amodzi.

Atsibweni ako,
Zakeyu, Mmisiri Wamkulu

Namibia
2 Juni 2024

Amayi ndi Atsibweni,

Moni ndipereka tsiku lina.

Zithunzi 3,000 za udzu. Udzu, ndi nkhuku imodzi yoonekera kunsi. A Pulofesa, munthu waulemu, anandifunsa mwakachetechete ngati ku Malawi kumwamba kuliko. Anzanga amene ndinakangana nawo zaka zitatu aja apachika chithunzi cha nkhukuyo pakhomo la ofesi yanga.

Ndinafika paphiri pano anthu akundituma tiyi poganiza kuti ndabwera kudzakolopa. Ndinapirira. Ndinagwira ntchito usiku uliwonse umene ena ankaukana chifukwa cha mphepo, mpaka anayamba kundifunsa maganizo. Zonsezo ndinazitha. Chimene chandigonjetsa ndi kansalu ka pa wailesi, balaza, ndi chigafa.

Amayi, moyo wanga wonse mwakhala mukundifunditsa. M'ngolo muja munkandiphimba kumaso. Ku sekondale aphunzitsi atanena kuti fizikisi ndi ya anyamata, atsikana apite kokasoka, ndinabwera kunyumba ndikulira, inu n'kunena kuti mwina akunena zoona, kusoka kulibe mphepo. Lero ndili ndi zaka 38, ndili kutsidya kwa maiko awiri, ndipo mukundiphimbabe m'maso.

Dengalo lichoke lero. Makinawo musawakhudze, musawapukute, musawamvere chisoni. Ngati mukufunadi ndibwere, manja anu akhale kumbuyo mpaka pa 18 Julayi.

Millicent

Mkanda
20 Juni 2024

Millicent,

Moni ndikupatsa ine, ngakhale iwe unatimana.

Denga lachoka. Ndalisamutsira kwa nkhuku, zomwe zalilandira popanda kalata.

Mayi ako anawerenga kalata yako kawiri, n'kuipinda, n'kuiika pansi pa wailesi. Ndawauza kuti akuyankhe, akuti sangalembe chifukwa manja ali kumbuyo. Ndipo alidi kumbuyo. M'mawa uliwonse amapita kuseri kwa nkhokwe, manja atawapinda kumsana ngati ahedi oyendera mayeso, n'kuzungulira makinawo katatu. Kenako amawerama, kuyang'ana galasi, n'kupukusa mutu. Akuti makinawo akulira. Ndinapita kukaona, ndipo galasilo limakhaladi lonyowa. Kuzizira kwa chaka chino kukuchokera kudambo ngati kwatumidwa. Dzulo ndinawapeza ataimanso pomwepo madzulo, atatenga wotchi ya malemu bambo ako. Akuti akufuna adziwe nthawi imene kulirako kumayamba.

Ayambanso kuluka chinthu cha ulusi wachikasu. Si sokosi, si chipewa. Ndikafunsa amandiyang'ana ngati mbuzi ya a Lameki.

Tsono ndikuuze kanthu kamodzi, osati ngati mmisiri koma ngati mtsibweni wako. Nkhani ya kusoka ija wakumbukira theka. N'zoona ananena mawu amenewo, chifukwa unali ukulira ndipo ankafuna udye. Koma m'mawa mwake anatenga njinga yanga osapempha, anapalasa mpaka kusukulu kwako, n'kukhala pansi pakhomo la ofesi ya ahedi. Anati sachoka mpaka dzina lako lilembedwe m'kalasi la fizikisi. Ahedi anatulukira pawindo kukadya nkhomaliro, pobwera anawapeza ali pomwepo, atayamba kusenda mtedza. Dzina linalembedwa cha m'ma 3 koloko. Anandilumbiritsa kuti ndisadzakuuze, kuopa kuti ungamadzione ngati unalowera pakhomo lakumbuyo. Ndakuuza. Njingayo anabweza itapindika gudumu, ndipo mpaka lero sanapepese.

Kakhadi kachinayi ndi ako. Ndachotsa ndine, ndi zala ziwiri zokha.

Atsibweni ako,
Zakeyu

Namibia
6 Julayi 2024

Amayi anga okondedwa,

Moni, moni, ndi moni wina wa kalata ija ndinakumanani. Muli bwanji? Bondo lili bwanji?

Atsibweni andiuza za pakhomo la ahedi. Ndawerenga ndili mu ofesi, ndipo ndalira mpaka mnzanga wa nkhuku uja wakachotsa yekha chithunzi pakhomo. Amayi, ndinalakwa. Pepani. Pakamwa panga panathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Kakhadi kafika, ndipo kwa nthawi yoyamba ndaona nyenyezi za kwathu. Zili mbwee, zambiri kuposa za kuno, kapena mwina ndi mtima wanga. Kanyenyezi kathu kaja kakuoneka bwinobwino.

Koma munanena zoona, makinawo akulira. Ndi mame. Galasi likazizira, mame a kudambo amagwerapo, ndipo kuyambira cha m'ma 7:15 zithunzi zonse zimasanduka phala. Kuno n'kuchipululu, mame kulibe, moti ine ndi masamu anga onse ndinawaiwala. Mwala udutsa 7:41. Zikakhala chonchi, sitiona kanthu.

M'phukusili muli kalamba kamagetsi. Mukakulunge pakhosi pa makina, pafupi ndi galasi, atsibweni alumikize ku batire. Kamatenthetsa pang'ono kuti mame asagwere. Rodrick walonjeza kuti afika pa 14.

Sindinaganizepo kuti ndidzalemba mawu awa, koma Amayi, chonde afunditseni.

Mwana wanu wopusa,
Mili

Mkanda
20 Julayi 2024

Millicent,

Kalata yako yomaliza imene ndili nayo ndi ya manja kumbuyo ija. Sindikudziwa ngati ukadali wokwiya. Ine ndili bwino. Ndalemba kuti ndiulule, chifukwa kwa abambo mfumu ndikaulula Loweruka la mawa, koma wolakwiridwa ndiwe.

Ndinawakhudza.

Ndinapirira masabata asanu ndi limodzi, Mulungu ndi mboni. Koma ndinaona ndi wotchi ya bambo ako kuti makinawo amayamba kulira 7 koloko ikangopitirira pang'ono, tsiku lililonse. Ine za nyenyezi sindidziwa, koma ndalera ana, ndipo ndikudziwa kuti wolira saona. Ndinaonanso kuti mbale imene ndaisiya panja ili yofunda imachedwa kunyowa kusiyana ndi inzake. Ndiye ndinaluka kajuzi kachikasu kozungulira khosi la makina, kopanda manja, kokhala ndi matumba awiri m'mbali. Pamwamba ndinasiya pululu. Dzanja linkafuna kutseka, ndinalimenya.

Lachinayi, tsiku lako lija, ndinaotcha mbatata ziwiri zikuluzikulu paphulusa. Dzuwa litalowa ndinawaveka makina kajuziko, n'kuika mbatata imodzi thumba lililonse, zili zotentha. Atsibweni ako anati: "Alongo, mwana uja akamva atimanga." Ndinati: "Akamange ine. Inu gwirani tochi, muzimitse, ndipo mphuno yanu ikhale kutali."

Anthu anabwera ambiri, a kumphakati, a Lameki ndi banja lonse, ngakhale mlimi wa ku Dambe uja. Ndinawakhazika kuseri kwa khola kuti asapumire makina. A Rozi anafuna kuyambitsa nyimbo, ndinawagwira pakamwa. Itakwana 7:30 ndinasuzumira galasi cha patali. Linali louma. Itakwana 7:40 atsibweni ako anayamba kuwerenga mokweza ngati pa mpira. Tonse tinayang'ana kumwamba, makosi mpaka kuwawa.

Mili, palibe inazima.

Ndinayang'ana kum'mawa, kumadzulo, pakati. Zonse zinalipo, zili phethiphethi ngati palibe chimene zalonjeza. A Lameki anati anaona ina ikuzima, koma tinapeza kuti anaphethira ndi iwo. Tinadikira mpaka 8 koloko. Anthu anabalalika mwaulemu ngati pamaliro, ndipo atsibweni ako anadya mbatata zonse ziwiri, akuti tisataye kawiri.

Sindikudziwa ngati mwala wako unapita ku Mozambiki, kapena ngati ndi kajuzi kanga kaononga. Ngati ndi ine, uwauze a Pulofesa kuti wolakwa ndi mayi wosamva wa ku Mkanda, asakulange iwe. Zaka zisanu ndi zambiri, mwana wanga. Bondo ili sindikudziwa ngati lingadikire. Koma ndidikira.

Kakhadi ndi ako.

Mayi ako,
Imelda

Ndatsegulanso envulopu. Rodrick wangofika kumene, thiraki inamufera ku Zambia masiku asanu ndi limodzi. Wandipatsa phukusi ndi kalata yako ya pa 6. Ndawerenga. Mzere womalizawo ndawerenga kanayi, kenako ndinaitana a Rozi kuti awerenge mokweza pamaso pa mboni. Kalamba kako kamagetsi n'kokongola, koma n'kopyapyala. Sikakanafika pa mbatata.

Namibia
9 Ogasiti 2024

Amayi! Amayi!

Khalani pansi musanawerenge, bondolo lingakugwetseni.

Kanazima! Kanyenyezi kathu kanazima 7:41, kanakhala kosaoneka masekondi asanu ndi theka, kenako kanayakanso. Inu simukanakaona. N'kakang'ono kwambiri, maso a munthu sangakapeze, ndipo ndine wopusa kuti sindinakuuzeni. Anthu onse aja munawathyola makosi pachabe. Muwapepesere, makamaka a Lameki.

Ku Mozambiki makina asanu ndi atatu anayang'ana kumwamba kowala bwino, ndipo sanaone kanthu. Mthunzi unadutsa pa Mkanda, pamwamba pa nkhokwe yanu, monga ndinanenera. Pa dziko lonse lapansi, amene anajambula ndi makina amodzi okha, ovala juzi yachikasu.

Zithunzi zili mbee kuyambira dzuwa kulowa mpaka cha m'ma 8 koloko. Pamenepo pakuoneka dzanja, kenako ndevu, kenako mame. Atsibweni muwauze kuti sayansi yawaona.

A Pulofesa anaonera kasanu. Kenako anandigwira dzanja pamaso pa amuna onse aja n'kunena kuti masamu anga ndiwo anali olondola. Atatero anafunsa kuti chotenthetsera galasi chinali cha kampani iti, poti nyenyezi zikuoneka zikuvina pang'ono ngati pali kanthunzi. Ndinawauza. Kenako anafunsa kuti mbatatazo zinali zolemera bwanji, chifukwa mu lipoti timayenera kulemba zida zonse. Chonde mundiyankhe, akudikira.

Lipotilo likasindikizidwa, dzina loyamba ndi langa. Lachiwiri ndi lanu, chifukwa woyendetsa makina pa tsikulo munali inu. La a Pulofesa ndi lachitatu, ndipo anena okha kuti ndi pamalo pake.

Zaka zisanu zija sindisaina. Ndikubwera mu Novembala, ndi makina ena atatu, ndipo tikiti ndi yopita kokha.

Mwana wanu,
Mili

Mkanda
25 Ogasiti 2024

Mili mwana wanga,

Kalata yako yafika ndili kusenda mtedza. Unati ndikhale pansi, koma ndinali kale pansi, ndiye ndinaimirira. Ndinathamanga mpaka kwa a Rozi, bondo linaiwala kuti limadwala. Lakumbukira lero.

A Pulofesa uwauze kuti mbatata sitiyeza. Zinali zofiira m'kati, iliyonse ngati chibakera cha atsibweni ako, zootcha paphulusa osati zophika. Akalemba zophika anama. Atsibweni akowo akuti dzina lawo lilowenso, poti simenti anathira ndi iwo. Ndawauza kuti malipiro awo anadya kale. Pano asintha chikwangwani pansi pa mango, chikuti amakonza njinga ndi za kuthambo.

Makina atatu ukubwera nawowo unditumizire muyeso wa makosi awo. Ulusi wachikasu watha, koma a Rozi ali ndi wobiriwira.

M'phukusili muli chipewa, poti Novembala ali kutali ndipo phiri lakolo lilibe mtengo wotchinga mphepo. Usafunefune bowo pamwamba, palibe. Iwe si makina. Uvale mpaka m'makutu.

Ngolo ya bambo ako tayikankhira kuseri kwa nkhokwe. Inaphwasuka kawiri panjira chifukwa mabawuti ali kumene ukudziwa, koma yafika. Ndasesamo, ndipo ndasunga mphasa ziwiri. Zaka zonsezi ndinkabwera kungolo kuja kudzakutenga, sindinayang'anepo kumene unkayang'ana. Ukafika udzandigoneke pambali pako, undilozere pamene pali kanyenyezi kakoko, ngakhale sindidzakaona.

Chitenje ndidzatenga ndithu, usayambe. Koma chidzalekezera m'khosi.

Ndine mayi ako,
Imelda